Mai Estere ndi Bulangete la Phula

Ku Rutendo kuno, komboni ya ku Redcliff, mukafunsa za mai Estere Sandifolo, anthu akuyang'anani ngati mwafunsa njira ya kumwezi. Mukati "mai a kobura aja," ngakhale gonthi akulozerani nyumba, kenako n'kuwonjezera kuti sakhalamonso. Chimene chinawachotsa sanena. Amangoyang'ana pansi, ndipo ena pansi pomwe akuyang'anapo pakuwalabe ndi polishi wa mai omwewo. Ndiye poti malilime a m'laini mwathu, amene amatha kusenda munthu ali moyo, atopa mwadzidzidzi pa nkhani iyi yokha, ndinena ndine.

Mai Estere anabadwira pa famu ya ng'ombe kufupi ndi Gweru. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, anaipeza, ndipo inawadya mpaka mafupa. Mtsikanayo anapita ku sukulu ya pafamu mpaka tsiku limene mkazi wa mwini famu anaona kuti timanja take takwanira kugwira tsache. Anakwatiwa koyamba ndi woyendetsa thirakitala wina amene anapita ku Joni kukagula nsapato, ndipo mpaka lero akusankhabe saizi. Mwana sanabereke. Zimenezi anthu akhala akuwakumbutsa moyo wawo wonse, kuopa kuti angaiwale.

Anabwera ku Redcliff kudzakolopa m'nyumba za mabwana, ndipo kutchalitchi anakumana ndi a Gedion Sandifolo, bambo wofedwa mkazi, wa kamwana kamodzi kamamina, dzina lake Never. A Gedion ankagwira ntchito pa ng'anjo ya fakitale ya zitsulo. Chinali chimunthu chamimba, chakhosi ngati la nkhunzi, choseka mpaka mbale kugwedera pa shelefu. Pamikono anali ndi timphini tomwe anawatema agogo awo ali khanda, monga ankachitira ndi mwana aliyense masiku amenewo. Ndipo ankaimba. Panalibe maliro a munthu wa kwathu, kuyambira Rutendo mpaka Torwood, amene a Gedion sanayambitseko nyimbo. Ankatuluka pa ng'anjo nkhope ili bii, n'kulunjika pa siwa ovolosi ili m'thupi. Theka la manda a kuno linalowa pansi ndi mawu awo.

Kufunsira kwake kunali kwa anthu otopa. A Gedion anati, "Nambewe, kunyumba kwanga kuli mwana wosasamba." Nambewe ndi mfunda wa mai Estere. Iwo anayankha kuti, "Atate ake asambe kaye, tione." Sabata yotsatira bambo anabwera kutchalitchi atadzikhula mpaka makutu kuwala, ndipo ukwati unatha kukambidwa pamenepo.

Mwana uja mai Estere anamupukuta mamina, anamuchezera atadwala chikuku, anamubereka kumsana kupita naye ku sukulu miyendo ikukwekwereza pansi. Iye ankawaitana mainini, mwachishona, ndiye kuti mayi wamng'ono, ndipo ung'onowo sanauiwale ngakhale tsiku limodzi. Atakula anapita ku Zvishavane kukagwira ntchito ku mgodi, nakwatira Gamuchirai, mtsikana amene maso ake anakwatiwa kale ndi foni asanakumane ndi Never.

Fakitale itazima, amuna a ku Rutendo anakhala pansi pa mitengo kudikira kuti itsegulidwa mwezi wamawa. Mwezi wamawawo unakalamba nawo limodzi. Amene anadzuka ndi akazi. Ena anayamba tomato, ena zovala za m'mabelo, mai Estere anayamba kobura.

Kwa osadziwa, kobura ndi polishi wa pansi, wofiira uja wopaka pa simenti ndi pa sitepe. Mai Estere ankatolera zidutswa za makandulo m'makomo, poti magetsi kuno amabwera ngati apongozi, mwa apo ndi apo ndiponso osachedwa kutsanzika. Ankazisungunula m'diramu lodula pakati, n'kuthiramo parafini ndi utoto wofiira, kenako n'kusefa pa bulangete lakale kuti zingwe za makandulo ndi mchenga zitsale. Kumsika sankanyengerera wogula. Mai wina atadandaula kuti kobura wawo sawala, anamuuza pamaso pa anthu kuti, "Kobura sapaka pa litsiro, mwana wa amayi. Kolopa kaye." Maiyo anakwiya, koma mawa lake anabweranso ndi chitini.

Tsopano za bulangete losefera lija. Likagwira ntchito miyezi ingapo limauma gwa ngati chikopa, phula litalowa ulusi uliwonse. Akazi a kobura salitaya. Amafolera nalo khola la nkhuku, amatsekera mpata wa pansi pa chitseko, ndipo m'mawa wa Juni podikira kombi, minibasi ya kuno, amadzifunditsa nalo, chifukwa mphepo silowa ngakhale pang'ono. Onse amatero. Ndati onse, ndipo amene akupukusa mutu powerenga izi akayang'ane pa waya kuseri kwa nyumba yake.

Chaka china a Gedion anagwa ndi sitiroko. Inawatengera dzanja ndi mwendo wa kumanzere, inatenganso mawu. Chinatsala ndi kunong'ona, koti uchite kuika khutu pakamwa pawo. Munthu amene anakhala moyo wake wonse pa moto wosungunula chitsulo tsopano ankanjenjemera ngakhale mu Okutobala. Ankakhala kukhitchini pa mpando wachitsulo umene anawotcherera okha, atavala majombo awo a kuntchito, akunong'ona mawu omwewomwewo: "Nambewe, kuzizira." Mai Estere ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwakoka kupita nawo kuchimbudzi, chimunthu chonse chija. Never ankaimba foni pa Khirisimasi. A mpingo ankabwera kudzapemphera, n'kumwa tiyi, n'kupempha kachitini ka kobura potuluka.

Tsiku lake linali la mu Juni, m'mawa wa chisanu choluma makutu. Mai Estere ankayenera kupita ndi katundu ku msika ku Kwekwe. Anawaveka a Gedion juzi, anawaveka jasi, koma bambo akunong'onabe kuzizira. Ndiye anatenga bulangete la phula pa waya, nawakulunga nalo kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo. Anaika mbaula ya makala pafupi ndi mpando, anawapichira fodya wawo mu nyuzipepala, anatseka chitseko kuti mphepo isalowe, n'kuthamangira kombi.

Masana laini yonse inamva fungo. Palibe anapita kukagogoda. Mai wina wa nyumba yoyandikana, amene dzina lake ndikulisunga chifukwa ana ake ndi aulemu, anauza anzake pa mpopi kuti a Sandifolo akukazinga nkhumba mobisa kuopa kugawira anzawo. Anaseka, anatunga madzi, anabalalika.

Mai Estere anabwera dzuwa litapendeka. Anapeza mpando uli pamalo pake, pampandopo ndi pansi pake pali phulusa ndi mafupa pang'ono, ndi majombo awiri ataima bwinobwino, mapazi ali momwemo. Tebulo, lomwe linali poti n'kulifikira ndi dzanja, silinapse. Nsalu yake ya pulasitiki inangofota m'mbali. Makoma anali ndi mwaye wamafuta, wachikasu, basi. Apolisi anabwera, anayang'ana, anatenga zotsalazo, ndipo pozibweza anati ndi ngozi ya moto.

Koma Rutendo sauzidwa ndi apolisi chimene chapha munthu wake. Moto wanji wodya munthu wathunthu n'kusiya tebulo? Gamuchirai atangotsika kombi ya ku Zvishavane, asanalire n'komwe, anayamba kuyendetsa foni m'manja mwa anthu. Akuti kumaiko a azungu zimachitika, munthu amangoyaka yekha kuchokera m'mimba, makamaka onenepa ndi akumwa. A Gedion mowa anasiya kalekale Never asanagule mano, koma mimba inalipo, ndiye theka la umboni linakwana. Theka linalo anabwera nalo ndi a Manson, mkulu wa mpingo wathu, amene pa fakitale anali mlonda wa pa geti ndipo ng'anjo ankangoimvera kutali. Iwo anakumbukira mphini zija. Anati amuna a pa ng'anjo ankatemera mankhwala kuti moto usawaotche, ndipo mankhwala otero amafuna kudyetsedwa moto tsiku ndi tsiku. Ng'anjo ikazima amatembenukira mwini wake. Pofika mawa lake nkhani inali itamera miyendo. Ena anaona utsi wobiriwira. Mai wa nkhumba uja anati iye anadziwa kale kuti fungolo silinali la dziko lino.

Akulu a mpingo anakhala pansi nagamula. Munthu wofa ndi mankhwala ake mpingo sumuimbira. Pasakhale nyimbo, pasakhale ulaliki, amayi a Lachinayi, gulu lija la amayi a mumpingo, asavale yunifolomu. Abale angomutenga n'kukamukwirira.

Mvetsani bwino apa. Bodza limeneli linkawateteza mai Estere. Never anafika ndi funso limodzi ndipo ankalifunsa aliyense: bambo anga anawasiya okha ndani, nanga anawasiya bwanji? Pofunsapo maso ake sanali pa bokosi. Anali pa denga, pa mawindo, pa geti. Ngati bambo anayaka okha, palibe wolakwa, ndipo mkazi wamasiye sachotsedwa m'nyumba popanda chifukwa choti anthu n'kuchimva. Koma pakapezeka dzanja la mkazi pa imfa ya mwamuna, akuchimuna sachedwa. Ndiye mai Estere akanangokhala chete, nyumba inali yawo, a Gedion n'kulowa pansi ngati mphaka wogundidwa ndi lole.

Mai Vainess, mnzawo wa kobura, anaona waya wopanda bulangete nadziwa zonse. Anawakokera kuseri kwa khola la nkhuku.

"Iwe Estere, ndaona pa waya. Usandiyankhe. Tseka pakamwa pakopo ngati chitini."

"Awaika ngati galu, Vainess."

"Galu kaya bishopu, dothi ndi lomwelo. Akumva iwowo? Iwe uli ndi kwina kopita? Ku famu kuja kuli eni ake atsopano. Ku Dedza sadziwa ngakhale kuti unabadwa. Ukagona pa renki ya makombi ndi diramu lakolo?"

"A Gedion anaimbira amako. Anaimbira mwamuna wako, chidakwa chofera m'ngalande chija, mpingo womwewu ukuyang'ana kumbali."

"Anaimba, inde, ndipo ndinathokoza. Koma wakufa safuna denga, mnzanga. Denga ndi lako. Asiye atsirize zawozo, ife tikawaimbira tokha kumanda sabata yamawa, ine ndi iwe."

"Iwe? Mawu akowo angawadzutse kuti athawe."

Mai Vainess anaseka, poganiza kuti nkhani yatha.

Sindinaonepo maliro ngati amenewo ndipo ndisadzaonenso. Nyumba yodzaza anthu, yopanda nyimbo. Unkamva masupuni akugunda makapu, unkamva mimba za anthu zikulira, unkamva foni ya Gamuchirai ikulandira mauthenga. Amayi a Lachinayi anakhala m'mbali mwa khoma ndi zitenje zawo za kumsika ngati odikira basi. Aliyense wa iwo a Gedion anamuimbirapo wake, wina mwamuna, wina mwana, wina make. Tsopano onse anali kuyang'ana zikhadabo zawo. Ena sanafune ngakhale kukhala pafupi ndi bokosi, akuti likutenthabe. Bokosi lake linali lopepuka moti amuna awiri analilowetsa m'nyumba akukambirana za mpira.

M'mawa wa tsiku loika, mai Estere, ali kumutu kwa bokosi, anayamba kuimba cham'mphuno, pansipansi, osatsegula pakamwa. Mkazi wa a Manson anawagwira bondo.

"Mai Sandifolo, tisachimwitse mpingo."

Mai Estere anayang'ana dzanjalo mpaka mwini wake analichotsa. Kenako anadzuka, anapita pa chitseko cha kukhitchini, nasolola kachidutswa ka bulangete kotsekera mphepo pansi pake. Anatuluka nako panja pomwe amuna anakhala pa mabenchi mozungulira moto wa maliro. Mkazi wofedwa satuluka m'siwa kukaima pakati pa amuna, ndiye onse anatembenukira kwa iwo. Mai Estere sanagwade. Anagunditsa nsonga ya chidutswacho pa khala, ndipo chinayaka mosafulumira, kalawi kachikasu kosazima, phula likudontha pansi.

"A Manson, mankhwala a amuna anga ndi awa."

"Mai, bwererani m'nyumba mukakhale pansi. Chisoni chikukulankhulitsani."

"Ndakhala pansi mokwanira. Ndinawafunditsa bulangete la phula ndine, thupi lonse. Mbaula ndinaika ndine. Fodya ndinawapichira ndine. Chitseko ndinatseka ndine. Anapsa ngati kandulo, pang'onopang'ono, ndipo kukuwa sakanatha, inu nomwe mukudziwa. Za mphini mukunenazo, pindani malaya anu tione ngati agogo anu anakuiwalani."

A Manson sanapinde malaya. Anakhosomola nayang'ana akulu anzawo. Mukanaona mmene nkhope zinamasukira pa mabenchi paja. Musaganize kuti anali manyazi. Anali atapeza munthu womuloza chala, wamoyo, woti amve kuwawa, osati phulusa la m'bokosi.

"Ngati zili choncho," anatero a Manson, "ndiye kuti m'bale wathu anafa imfa ya ngozi. Mpingo ulibe naye mlandu."

Mawu asanathe, amayi a Lachinayi anali pa geti, kuthamangira kwawo kukasita mayunifolomu. Akazi a kobura amene analipo, onse okhala ndi mabulangete omwewo pa mawaya awo, palibe mmodzi anatsegula pakamwa kunena kuti ifenso timafunda zomwezo. Mmodzi wa iwo ndinamumva ndi makutu angawa akuti, "Komatu munthu wanzeru angafunditse wodwala chinthu cha parafini?"

Never anaimirira pang'onopang'ono, akukonza jekete.

"Bwerezani, mainini. Anthu onse amve."

"Amva. Wagontha ndiwe?"

"Ndiye bambo anga munawaotcha ndinu."

"Ndinawafunditsa. Amazizidwa. Iwe unali kuti, ukanawafunditsa bwino?"

"Ine ndinali kuntchito."

"Inenso."

Never anayang'ana a Gadi, mng'ono wa a Gedion, nkhalamba ya kumafamu imene inali isanapondemo m'nyumbamo chiyambire matenda. A Gadi anakanda pakhosi.

"Mlamu, mwanena nokha, sitinakukakamizeni. Simungagonenso m'nyumba ya m'bale wathu. Zinazo tikamba tikabwera kumanda."

"Makiyi," anatero Never, dzanja lili tambasu.

Mai Estere anamasula mfundo ya pa chitenje, naika makiyi m'dzanja lomwe analiphunzitsa kugwira supuni. Mai Vainess anali kuseri kwawo akutukwana pansipansi m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa, ndipo sindinadziwe ngati ankatukwana Never kapena mnzawo Estere. Lero mai Estere amagona ku Munyati, m'kachipinda ka kuseri kwa msuweni wawo, pamodzi ndi matumba a chimanga. M'nyumba muja Never anaikamo anthu a lendi. Koma tsikulo linali lisanathe.

Kumanda akuchimuna sanawalole mai Estere kuima pafupi ndi dzenje. Anaima kumbuyo kwa anthu onse, pafupi ndi lole yomwe inanyamula bokosi. Amayi a Lachinayi anali kutsogolo, oyera mbee, makolala osita, nkhope zachisoni zatsopano. Dzuwa linali litakwera, anthu anali ndi njala, ndipo fungo la kabichi wa pamaliro linali litayamba kale kuwaitana. A Manson anawerenga mawu mothamanga, anayambitsa nyimbo, anaimba ndime yoyamba, analumphira ku yomaliza, natseka buku, n'kukodola amuna a mafosholo.

"Simunamalize."

Mitu yonse inatembenuka. Mai Estere anali asanasunthe pomwe anawaimika.

"Mai, nthawi yatha," anatero a Manson. "Anthu atopa."

"Nyimboyo ndagula ndi nyumba, a Manson. Muimba yonse. Mukamaliza muyambe ina."

Never anafuna kulankhula, koma a Gadi anamugwira mkono. A Manson anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, sanapeze wowathandiza, natsegulanso buku. Anayambira pa ndime yoyamba. Itatha nyimboyo anayang'ana kumbuyo, mai Estere anangotukula chibwano, ndipo inayamba ina. Maiwo sanaimbe nawo. Anaima manja ali m'chiuno, akumvetsera monga amamvetsera munthu amene akufuna kuona ngati amupatsa zake zonse. Mawu akayamba kutsika ankangoti, "Sindikumva," ndipo ankakweranso. Thukuta linanyowetsa makolala osita aja, mkazi wa a Manson anasasa mawu, ana anayamba kulira njala, amuna a mafosholo anakhala pansi pa mulu wa dothi. Fosholo sinakhudze dothilo mpaka mai Estere atagwedeza mutu.